Chidindo cha masiku 30 si pemiti ya ntchito



Sabata yathayi titatuluka mu Swala ya Isha, mnyamata wina amene ndidamuphunzitsapo kumadrasa adandikokera pambali n'kundionetsa pasipoti yake yatsopano, yosapindika n'komwe. Akuti mwezi wamawa akunyamuka wa ku Joni, msuweni wake wamupezera malo mu shopu ina. Ndidamufunsa kuti, "Nanga pemiti ili pati?" Adandiyang'ana ngati ndafunsa zachilendo. "Akulu, Amalawife ku South Africa sitifunika viza. Amangodinda pa boda, basi walowa."

Sadaname ayi. Koma adanena theka la nkhani, ndipo theka linalo ine ndidaliphunzira mochedwa. Ndiye ndati phunziro la sabata ino likhale limeneli, poti ndikudziwa kuti ambiri amene mukuwerenga muli ndi pasipoti m'chikwama, ena mukuiyembekezera.

Tiyambe ndi chidindocho. Mmalawi wa pasipoti wamba akafika pa Beitbridge kapena pa bwalo la ndege la OR Tambo amapatsidwa masiku 30 popanda viza. Masiku amenewa ndi a mlendo: kukaona abale, kukaoda katundu, kukaonana ndi dokotala, n'kubwerako. Chilolezo cholowa m'dziko ndi china, chilolezo chogwira ntchito ndi chinanso. Ukayamba ntchito ndi chidindo cha mlendo waphwanya lamulo lawo la zolowa ndi kutuluka m'dziko la 2002, ngakhale masiku ako asanathe, ndipo bwana amene wakulemba akudziwa zimenezi nayenso ali ndi mlandu. Ndiye pali nkhani yopyola masiku. Kuyambira mu May 2014, wopyola masiku salipitsidwanso faindi pa boda ngati kale, amangoletsedwa kulowanso m'dzikomo. Ukapyola ndi masiku osaposa 30, chiletso ndi cha chaka chimodzi. Ukabwereza zaka ziwiri zisanathe, chiletso ndi cha zaka ziwiri. Ukapyola ndi masiku oposa 30, zaka 5. Izitu ndi za munthu amene wafika yekha pa boda kuti akutuluka. Wogwidwa m'katimo amayamba waona selo ya polisi, mwinanso Lindela, malo a kufupi ndi Krugersdorp kumene amasungako anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo.

Ulendo wa ku Joni si wa lero. Agogo anga aamuna adapitako nthawi ya Wenela, ndipo iwo ankapita ndi kontirakiti: mgodi wake wodziwika, miyezi yake yowerengeka, gawo la malipiro n'kumasungidwa kuti adzalandirire kuno. Sindikuyamikira migodi ya nthawi ya tsankho ija. Anthu adabwerako ndi mapapo owonongeka, ena sadabwereko. Mu April 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu adaimitsa kulemba anthu. Kudayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, n'kudzathera mu 1988 pa mkangano wa kuyeza HIV. Njira ya mapepala idatsekeka pamenepo, koma chilakolako cha ku Joni sichidathe. Adzukulufe tidatengera ulendo wa agogo, pepala lawo lija n'kulisiya.

Ine ndidanyamuka kwathu ku Namwera mu 2016, ndili ndi zaka 22 ndi MSCE ya mapointi osandifikitsa kulikonse. Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, Swala tikuphatikiza pomwe basi yaima. Ntchito ndidakaipeza ku Durban, mu shopu ya katundu wosiyanasiyana. Bwana anali Msilamu. Ndidati Alhamdulillah, ndagwera m'manja mwa m'bale. Palibe chimene tidalemberana. Adangoti ndiyambe, tiziona mmene ndizigwirira.

Miyezi yoyamba ndinkachita zimene anzanga onse ankachita. Masiku akatsala pang'ono kutha, pasipoti umaipereka kwa munthu wa thiransipoti, ndalama zili m'kati mwake, iye n'kukaidinditsa pa boda ngati kuti mwiniwake watuluka n'kulowanso. Tinkangoti kukadinditsa. Palibe amene ankatchula dzina lake lenileni, kuti ndi chiphuphu, pomwe tonse tidaphunzira tili ana kuti Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) adatemberera wochipereka ndi wochilandira yemwe. Komanso chidindo chilichonse chinkanena bodza m'dzina langa, kuti tsiku lakuti ndinali pa Beitbridge, chonsecho ndinali kunyamula makatoni ku Durban. Nditachita kasanu ndidasiya. Ndisaname pano, sichinali chifukwa cha taqwa, koma ndalama zinkachepa. Kuyambira pamenepo ndidakhala munthu wopanda mapepala.

Amene simunakhalepo moyo umenewu, dziwani kuti chowawa kwambiri si apolisi. Apolisi umazolowera kuwazemba: ukaona galimoto yawo umalowa mu shopu ya eni ngati ukufuna kugula chinachake. Chowawa ndi chakuti ulibe pakamwa. Ndinkalandira R600 pa sabata, kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu masana. Ndikapempha kuti andiwonjezereko, bwana sankakalipa. Ankangondifunsa mofatsa kuti, "Mapepala ako aja zili pati?" Nkhani n'kuthera pomwepo. Lachisanu iye ankapita ku Jumu'ah, ine n'kutsala poti shopu siingakhale yokha. Poyamba zinali za apo ndi apo, kenako zidangokhala choncho. Mu Ramadhan tinkaima saf imodzi pa Tarawih, phewa ndi phewa, m'mawa mwake n'kubwerera pa funso lomwe lija. Sindikuti mabwana onse ndi otero. Ndikudziwa abale amene adagwira ntchito kwa anthu oopa Allah, owalipira bwino ndi kuwatumizira thandizo pa maliro. Koma iwowo adangochita mwayi. Akadapeza bwana ngati wanga, nawonso sakadakhala ndi pogwira.

Kumapeto kwa 2018 achemwali adaimba foni kuti amayi sakupeza bwino. Ndidakhala pansi n'kuwerengera. Ndikatuluka, chiletso cha zaka 5, ntchito yatha. Ndipo ndalama za mankhwala ndi zoyendera kuchipatala ku Mangochi zikuchokera kwa ine ndemwe. Ndidati ndidikire mwezi umodzi ndisonkhanitseko kangachepe. Mwezi umodzi udasanduka itatu. Amayi pa foni ankangoti, "Mwanangu, ndalama talandira, koma nkhope yako ndikuiwala." Mu February 2019 ndidakwera basi. Pa Beitbridge adandipatsa pepala langa la zaka 5, monga ndinkayembekezera. Foni idagwira netiweki ya kwathu titangowoloka pa Mwanza, mauthenga n'kuyamba kulowa motsatizana. Amayi anali atamwalira dzulo lake m'mawa, ndipo Janaza idachitika itatha Asr, poti maliro sitichedwetsa. Allah awakhululukire, awakulitsire manda awo, awalowetse ku Jannah.

Nthawi yawo inali italembedwa kale, pemiti sikadawonjezera ngakhale ola limodzi. Zimenezo ndimakhulupirira. Koma miyezi itatu ija sindingaikankhire kwa Qadar. Munthu wa pemiti akadapempha tchuthi cha sabata ziwiri, n'kudzawagwira dzanja, n'kubwerera ku ntchito yake. Ine ndinali nditadzitsekera ndekha m'dziko la eni, kiyi n'kumutaya.

Patapita miyezi ingapo, pa darsa ya tafsir, Shehe athu ankafotokoza Surat Al-Qasas, pamene Mneneri Musa (alaihi salaam) adathawa ku Iguputo n'kukafika ku Madyan. Nkhaniyi ndinkaidziwa kuyambira ndili mwana, koma tsiku limenelo ndidaimva ngati ya munthu wopita kukafuna ntchito kunja. Tsegulani nokha kuyambira Ayah 22 mpaka 29 muone.

Musa adafika ku Madyan ali wothawa, mlendo, wopanda chakudya ngakhale pogona. Atawathandiza atsikana awiri kumwetsa ziweto zawo, adakhala pa mthunzi n'kudandaulira Mbuye wake za kusowa kwake. Munthu wotere kuno timati alibe pokanira, chilichonse angolandira. Koma taonani mmene ntchito yake idayambira. Mmodzi mwa atsikanawo adauza bambo ake kuti amulembe chifukwa ndi wamphamvu komanso wokhulupirika, ndiye kuti zomuyenereza zidatchulidwa. Mkulu uja adanena poyera chimene akupereka, ukwati wa mmodzi mwa ana ake, ndi chimene akufuna, zaka 8 za ntchito. Zaka ziwiri zowonjezera kuti zikwane 10 adazisiya m'manja mwa Musa, ndipo adalonjeza kuti sadzamuvutitsa. Apa ndi pamene padandigwira mtima: Musa sadangoti zikomo n'kuyamba kuweta. Adabwereza mgwirizanowo ndi pakamwa pake, kutsindika kuti nthawi iliyonse mwa ziwirizo akaikwaniritsa pasadzakhale womupanikiza, n'kuika Allah kukhala woyang'anira zimene apanganazo. Ndipo nthawi itakwana adanyamuka ndi banja lake, palibe amene adamugwira mwendo.

Ntchito yodziwika, nthawi yodziwika, malipiro odziwika, khomo lotulukira lodziwika. Amene ankamulembayo anali munthu wolungama, amene ankalembedwayo ndi Mneneri wa Allah, komabe adapangana momveka. Nanga ine ndinali ndani kuti ndiyambe ntchito pa mawu oti tiziona? Achinyamatafe tili ndi maganizo akuti kupempha kontirakiti kwa Msilamu mnzako ndi kumukayikira, kapena kuti kufunsa za pemiti ndi kuchepa kwa tawakkul. Koma Ayah yaitali kuposa zonse mu Qur'an, ya 282 mu Surat Al-Baqarah, ikulamula okhulupirira okhaokha kuti ngongole ya nthawi yoikika ilembedwe, pakhalenso mboni. Malipiro ako a kumapeto kwa mwezi, ukawaganizira bwino, ndi ngongole imene bwana ali nayo kwa iwe.

Tsono pemiti yeniyeni ya ku South Africa imapezeka bwanji? Choyamba, imapemphedwa uli kuno, kudzera ku ofesi ya kazembe wa dzikolo ku Lilongwe. Amene walowa ngati mlendo saloledwa kusinthira konko kuti akhale wantchito, kupatula pa zifukwa zochepa zapadera. Ndiye wokuuzani kuti ingobwera tidzakonzera konkuno, mwina sakudziwa lamulo, mwina akudziwa kuti sadzakonza kanthu. Chachiwiri, ntchito imayamba kupezeka, pemiti pambuyo. Pamafunika kalata ya ntchito kapena kontirakiti yosainidwa ndi kampani yolembetsedwa m'kaundula, kalata ya apolisi yosonyeza kuti ulibe mlandu, ya dokotala, ndipo masatifiketi ako amayenera kuunikidwa ndi bungwe lawo la SAQA kuti aone akufanana ndi mlingo uti wa kumeneko. Kwa zaka zambiri bwana ankayeneranso kusonyeza ku unduna wa zantchito kuti wafunafuna nzika ya dzikolo yoti igwire ntchitoyo koma sadaipeze. Kuyambira mu October 2024 Home Affairs idayamba kuwerenga mapointi, ndipo ofunika ndi 100. Amachokera pa maphunziro, kukula kwa malipiro, zaka zimene wagwira ntchitoyo, chilankhulo, ndi mtundu wa kampani yokulembayo. Amene ntchito yake ili pa mndandanda wa maluso osowa m'dzikomo, umene amautcha Critical Skills List, amakwanitsa mapointiwo mosavuta. Viza ikatuluka imatha kufika zaka 5, ndipo imanena ntchito imene waloledwa kugwira.

Ndinene mosabisa, poti kubisa n'kumene kudatipweteka ife. Pa mapointiwa, maphunziro amayamba kuwerengedwa pa digiri. Wa MSCE wofuna ntchito ya mu shopu, ya m'munda wa maluwa kapena ya m'nyumba, khomo limeneli kwa iye ndi lopapatiza kwambiri. Choncho wina akakuuzani kuti mumupatse ndalama akutulutsireni pemiti ya ntchito ya mu shopu pa sabata imodzi, chimene akugulitsacho n'chachinyengo, ndipo kugwidwa ndi pemiti yabodza ndi mlandu woposa kupyola masiku. Ena amathawira ku pepala la asayilamu. Pepala limenelo ndi la anthu othawa nkhondo ndi chizunzo. Kuti ulipeze umayenera kufotokoza chimene wathawa kwanu, ndipo ife a ku Mangochi ndi Machinga timadziwa kuti chimene tathawa ndi umphawi. Ndiye umapeka nkhani, n'kusainira, n'kutalikitsa mzere kwa m'bale wa ku Somalia kapena ku Congo amene wathawadi mfuti. Riziki loyambira pamenepo, aliyense adzifunse yekha.

Alongo anga, mwina mukuti izi ndi za anyamata a ku Joni, ife athu ndi maulendo a ndege, viza yeniyeni ili m'manja. Kumeneko vuto limabwera mwa mtundu wina: mapepala amakhala olondola, koma mwini ulendo sadawawerenge. Mu March 2024 BBC Africa Eye idaonetsa nkhani ya amayi a ku Malawi oposa 50 amene adakodwa m'nyumba za anthu ku Oman. Ena adauzidwa ndi maejenti kuti akupita ku Dubai ku ntchito zabwino, n'kudzazindikira atatera kuti ali ku Muscat ndipo ntchito ndi ya m'nyumba. M'maiko ambiri a ku Gulf muli dongosolo lotchedwa kafala. Viza yako imamangiriridwa kwa munthu amene wakuitanitsa, amene amatchedwa kafil. Wantchito wa m'nyumba akachoka popanda chilolezo chake amatha kumuneneza kuti wathawa, ndipo wothawayo ndi amene amasakidwa. Mabwana ambiri amalanda pasipoti tsiku lofika, ngakhale malamulo a maikowo amaletsa. Ukati ndikufuna kubwerera, amakuuza kuti ubweze kaye ndalama zimene adalipira kwa ejenti.

Chimene chimatikola ife Asilamu pa nkhani ya ku Gulf ndi chakuti timamva kuti ndi dziko la Chisilamu, mitima n'kukhala pansi. Makolo amavomera msanga: kumeneko mwana azikavala hijab mwaufulu, azikamva adhana kasanu, mwina adzapita ndi ku Umrah. Zoona, adhana ikamveka. Koma ine ndidaimapo saf imodzi ndi munthu amene ankandidyera thukuta. Kuno kwathu lamulo lolimbana ndi kuzembetsa anthu lilipo, la 2015, ndipo kulemba munthu ntchito ya kunja pomunamiza za kumene akupita kapena za ntchito yake ndi mlandu pansi pa lamulo limeneli, ngakhale wochitayo akhale wachibale kapena mayi wodziwika wa pa mzikiti.

Ndiye ejenti asanalandire ngakhale tambala yanu, muonetseni kuti mumafunsa. Viza ili m'dzina la dziko liti, ndipo yalembedwa kuti ndi ya ntchito kapena yokacheza? Pemphani kope lake, ndipo ngati lili m'Chiarabu pitani nalo kwa Shehe kapena kwa m'bale amene adaphunzira ku Madinah kapena ku Sudan akuwerengereni liwu ndi liwu. Amenewa tili nawo pafupifupi m'boma lililonse, koma timangowafunsa za Nikah ndi za maloto. Kontirakiti ikutchula ndani ngati bwana, ntchito yanji, ndalama zingati, tsiku lopuma liti, tikiti yobwerera alipira ndani, ndipo mukafuna kusiya nthawi isanakwane chimachitika n'chiyani? Kafunseni ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu ngati ejentiyo akudziwika. Jambulani pasipoti, viza ndi kontirakiti, musiyire makolo, musungenso pa imelo yanu, osati m'foni mokha poti foni imalandidwa. Ejenti wachilungamo mafunso awa samukwiyitsa. Amene akuti fulumirani malo atsala awiri, kapena musauze anthu angakuchiteni nsanje, m'thaweni. Istikhara swalini, koma muswali mutawerenga pepala, kuti mudziwe chimene mukupempherera.

Kwa abale amene muli kale ku South Africa opanda mapepala, sindikulemba izi kuti ndikuweruzeni, ndidali komweko. Pali chinthu chimodzi chimene ndikadakonda wina akadandiuza nthawi ija. Mu 2008 khoti la zantchito la dzikolo, pa mlandu wa Discovery Health ndi CCMA, lidagamula kuti munthu wakunja amene chilolezo chake chogwirira ntchito sichili bwino amakhalabe wantchito pamaso pa malamulo a zantchito, ndipo akhoza kukadandaula ku CCMA. Malipiro ochepetsetsa a dziko lonse, amene adayamba mu January 2019 pa R20 pa ola n'kumakwera chaka ndi chaka, sasankha pasipoti. Izi sizikupatsani pemiti, ndipo sizichotsa chiopsezo chobwezedwa kumudzi. Koma funso lija la mapepala ako zili pati silipatsa bwana ufulu wodya malipiro a ntchito imene mwagwira kale. Lembani m'kabuku masiku ndi maola amene mwagwira, ndi ndalama zimene mwalandira.

Chiletso changa chidatha mu February 2024. Anzanga ena amandiimbira kuti bwera, malo alipo. Sindidapite. Ndili pa Mangochi pano ndikuwotcherera mafelemu a zitseko ndi mawindo, ndalama zake n'zochepa kuyerekeza ndi ma rand, koma Lachisanu ndimatseka ndekha shedi n'kupita ku Jumu'ah, ndipo manda a amayi ndimawayendera.

Mnyamata uja ndidamuuza zonsezi titaima panja pa mzikiti mpaka mlonda adazimitsa magetsi. Ndidamupempha chinthu chimodzi chokha, kuti auze msuweni wakeyo afunse bwana ngati angalembe pa pepala ntchito, maola ndi malipiro, n'kutumiza pa WhatsApp. Dzulo wanditumizira yankho lake. Bwanayo akuti ngati akufuna zolembalemba akhale konko, anthu ofuna ntchito ndi ambiri. Tikiti ya basi sanagulebe, ndipo bambo ake akufuna tikakhale pansi Loweruka likubwerali. Mumuikeko mu ma dua anu.